Mbali Yachiwiri ya Kaseti

Zione mwana wanga,

Mwanaisha, azakhali ako aja akutumizira foni ya m'manja kuchokera ku Lilongwe, ndiye anandipasulira banja. Ndayamba ndi dzina lake dala kuti usavutike kulifunafuna m'mizere ya kutsogoloku. Foniyo sinasowe ayi. Ndinaibisa ndine m'thumba la mpunga lili kuseri kwa chitseko, ndipo masiku atatu onsewa wakhala ukugudubuza nyumba poifuna, ine ndimangokuyang'ana uku ndikupeta. Dzulo unalira, ndinakumva. Mawa ukukwera basi kupita kusukulu ya unamwino, mumzinda womwewo mmene iye ali ndi nyumba yake yoimbirako mafoni yokhala ndi makompyuta, ndipo ndikudziwa kuti Loweruka loyamba lomwe adzakuitana kuti ukadye mpunga wa nyama. Usanakadye, werenga izi. Pakamwa sindingathe. Ukulidziwa lilime langa, ndikhoza kuyamba ndi malangizo n'kumalizira kutukwana. Ndiye ndakhala pakhonde masana ano ndi kope lako lakale la sayansi, iwe uli kotsazika anzako ku Malengachanzi.

Ndili Fomu 3, bambo ako ankandilembera makalata. Sitolo ya bambo awo inali pafupi ndi sukulu, munthu woyenda bwino sakanatuluka ndi thukuta lomwe, koma iwo ankamata sitampa n'kukaponya ku positi, kalata n'kutha sabata yathunthu isanandipeze. Ati kalata yopanda sitampa ndi ya ana. Mapepala ake anali obiriwira, onunkhira sopo wa m'sitolo. Abale, sabata imeneyo inkakoma! Munthu unkadikira mpaka kuonda. Tsiku lina mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anandipempha imodzi kuti akopereko mawu awiri a Chingerezi, alembere wake. Ndinamubwereka, pofuna kuti aone kuti ine ndimalemberedwa zotani. Pakutha mwezi atsikana atatu anali atatumiza mawu a bambo ako kwa anyamata atatu, wina mpaka anakopera ndi dzina langa lomwe. Tinaseka, ine ndinakwiya masiku awiri, nkhani inathera pomwepo. Ukudziwa chifukwa chake inatha? Wachinayi anachita ulesi. Dzanja limatopa, Zione. Makina satopa. Gwira mawu amenewa, ndiwabwerezanso.

Sindinamalize Fomu 4 chifukwa cha iwe, ndipo sindikunena modandaula. Ndinatuluka m'nyumba ya abambo anga, akuluakulu a mpingo wa Angilikani, n'kukalowa m'nyumba ya Asilamu, anthu mbali zonse ziwiri akuti sizitha chaka. Zinatha zaka zisanu ndi ziwiri, zokoma. Bambo ako ankandikweza panjinga kupita kukaona mpira, ine nditakubereka kumbuyo. Agogo ako, apongozi anga, anandiphunzitsa kuphika futali wa mwezi wa kusala, koma anali ndi kachizolowezi kamodzi. Ndikachokera kwathu kukacheza, ankatenga mapoto anga n'kumawanunkhiza mmodzimmodzi, kuopa kuti mwina ndaphikiramo nkhumba. Ndinkangoluma mano. Mwanaisha, mlongo wawo wa bambo ako, ndiye anali mnzanga wapamtima pabwalo lonselo. Tinkalukana tsitsi, tinkabwerekana zitenje. Zimenezi ndikukuuza kuti usaganize kuti wokupweteka amabwera ndi nyanga.

Zipani zambiri zitangoyamba, dziko linachita ngati thumba lomasulidwa kukamwa. Aliyense ankalankhula. Amene dzulo ankanong'ona ngakhale pofunsa mtengo wa shuga, lero anali pamphambano kutukwana nduna. Amuna anayamba kukhamukira ku Joni, bambo ako nawo anapita. Patapita miyezi anatitumizira wailesi yaikulu ya makaseti awiri, yakuda, yonyezimira, yoyamba m'dera lathu lonse. Unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kaya ukukumbuka? Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa, kaseti tinkaibweza ndi bolopeni kuti tisawononge moto. Ndipo panali mwambo wake. Mabanja a anthu a ku Joni sankalemba makalata okha, ankajambula mawu. Mbali yoyamba ya kaseti inali ya onse: apongozi apereke moni ndi madalitso, amalume anene za munda, ana aimbe. Mbali yachiwiri inali ya mkazi yekha. Aliyense ankadziwa zimenezi popanda wolengeza. Mwamuna akamvera mbali yoyamba pamodzi ndi anzake kuchipinda kwawo ku Joni, ankatulutsa kaseti n'kuiika m'thumba la malaya.

Ndinajambula mbali yanga Lachiwiri m'mawa, anthu onse ali kudimba. Ndinatseka chitseko, ndinakhala pamphasa, wailesi pamiyendo. Poyamba ndinachita manyazi, kenaka kukamwa kunamasuka. Ndinati, "Bambo a Zione, ine kuno ndauma ngati usipa wa pathandala. Mvula ikugwera eni ake, kwa ine dzuwa lokhalokha. Bwerani." Zina zimene ndinanena sindingalembere mwana wanga. Sizinali zoipa, zinali za mkazi kwa mwamuna wake. Kenaka lilime lija linandipitirira, ndinayamba kuyerekeza mmene amayi awo amanunkhizira mapoto, ndi kaphokoso ka mphuno komwe, fuu fuu, kuti mwamuna wanga aseke kumeneko. Ndinkalankhula ndi munthu mmodzi, Zione. M'mutu mwanga munali nkhope imodzi yokha. Apa ndi pamene makina amatinamiza: umaona ngati uli ndi munthu mmodzi m'chipinda, chonsecho chitseko ulibe.

Kasetiyo ndinampatsa Mwanaisha, chifukwa ndiye ankadziwana ndi dalaivala wa lole yonyamula katundu wa anthu a ku Joni. Madzulo ake anabwera kudzabwereka wailesi, ati akufuna amvere nyimbo za ukwati wa mnzake. Ndinamunyamulira ndekha mpaka pakhomo pake. Wailesi ija inali ndi kabatani kofiira kokopera mawu kuchoka pa kaseti ina kupita pa ina. Ndinamuonetsa ndine kabatani kameneko, tsiku limene inafika, ndikunyadira.

Panapita milungu iwiri. Ndinali pamsika ndikusankha matimati, galimoto ya matola itaima chapafupi, anthu ataiunjirira, akuseka mpaka kugwirana mapewa. M'galimotomo munkamveka mkazi wina wa mawu opyapyala akulira za usipa. Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinaseka nawo. Munthu sadziwa mawu ake akatuluka m'makina. Ndinauza mayi wa matimati kuti, "Koma akazi enawa, manyazi anawasiya kuti?" Mayiyo anangoyang'ana pansi. Ndiye mawu aja anati, "Zione wayamba kuguluka mano." Matimati ndinawasiya pomwepo. Sindikumbuka njira imene ndinadzera pobwerera.

Pambuyo pake ndinamva mmene zinayendera. Mwanaisha anakopera imodzi yoti aseke ndi anzake atatu polukana tsitsi. Mmodzi mwa iwo mwamuna wake anali woyendetsa matola. Kuchoka pamenepo inafika kwa ometa, inafika kwa oonetsa mafilimu kumsika, amene ankaiika pa chimkuzamawu poitanira anthu filimu isanayambe. Amayi ogulitsa mpunga ochokera kwa Mwadzama ankaidziwa pamtima. Msuweni wanga anachoka ku Dwambazi kudzandifunsa ngati ndinedi. Dzina langa linafa, ndinasanduka Nausipa. Wakhala ukundifunsa kuyambira uli wamng'ono chifukwa chake ndimatuma ena kukagula usipa pamene ndiwo zina ndimagula ndekha. Wamva tsopano.

Ndinapita kwa Mwanaisha, ndinamupeza akusita. Ndinati, "Mlamu, ndakulakwira chiyani?" Iye osaika ngakhale simbi pansi, ati, "Iii alamu, mesa ndi nthabwala chabe? Inetu ndinangopatsa anthu atatu." Ndinati, "Atatuwo ndinakwatiwa nawo ine?" Ati, "Masiku ano ndi demokalase, zobisabisa zinapita ndi chipani chimodzi. Komanso munalankhula bwinotu, anthu akukutamani." Anaseka. Kufikira lero mawu akuti pepani sanatulukepo pakamwa pake. Zaka khumi ndi chimodzi. Ndiye ukamva munthu akuti ndangopatsa atatu, kaya ndangotumizira mmodzi, uzidziwa kuti wapatsa boma lonse. Dzanja limatopa, makina satopa.

Amene ndinkamuopa kwambiri ndi agogo ako, chifukwa cha mapoto aja. Anabwera tsiku lachitatu, ine nditadzitsekera. Anagogoda ndi ndodo. Atalowa anakhala pansi, kenaka anati, "Mapoto ndimanunkhizadi. Ndikane? Koma mphuno yanga silira choncho, mwandinamizira." Ndinayamba kulira, iwo ati, "Tontholani. Mukanandiuza pamaso ndikanakuyankhani kuti zaka zisanu ndi ziwiri ndanunkhiza, sindinapezepo kanthu, ndimangopitiriza chifukwa ndinazolowera." Anadzuka, anamanga mpango, anapita kumsika okha. Anthu amene analipo amanena mpaka lero. Analowa m'chisakasa cha mafilimu, malo amene ankati ndi haramu ngakhale kudutsa pafupi, anatulutsa kaseti m'makina n'kuisolola riboni yonse ndi manja, mamita ndi mamita, uku akufunsa mwini wake kuti, "Amayi ako sanamufunepo bambo ako? Iwe unagwa mumtengo?" Mulungu awasunge kumene ali. Koma anaononga imodzi. Zinalipo kale zosawerengeka.

Tsopano ndikuuze kulakwa kwanga kwenikweni, poti sindikufuna uziti amayi anga anali mngelo. Kaseti yokopera inafika ku Joni ndi munthu wina, ndipo anzawo a bambo ako anaimvera onse pamodzi, iwo ali pomwepo. Anatumiza uthenga kuti ndikadikire lamya kusitolo ina pa boma Lachisanu. Ndinapita nditavala bwino ngati andiona. Sitolo yodzaza, aliyense akunamizira kusankha sopo. Lamya italira, mawu awo oyamba anali akuti, "Mwandivula pamaso pa amuna anzanga." Ndikanati pepani, nanenso andivula, tilire limodzi. Koma ndinaona makutu onse aja m'sitolo, ndinafuna kupambana. Ndinati, "Wakuvulani ndi mlongo wanu. Ndipo ngati mwamuna achita manyazi kuti mkazi wake amamufuna, ndiye mukufuna akufuneni ndani, ana a Joni?" M'sitolo anthu anaseka, wina mpaka anaomba m'manja. Kumbali inayo lamya inaduka. Tinali ndi mphindi zitatu zokha, ine ndinazigwiritsa ntchito yosangalatsa ogula sopo. Patatha mwezi inabwera envelopu, m'kati muli talaka, mawu osudzula. Tinakuuza kuti bambo ako anatchona. N'zoona anatchona, koma anayamba achoka m'nyumba mwanga ndi lamya imeneyo. Usadzakangane ndi munthu amene umamukonda pa foni, Zione. Sumuona nkhope. Bambo ako akakwiya khutu lakumanzere linkanjenjemera, ndipo ndikaliona ndinkaseka, mkangano n'kutha. Pa lamya khutu silioneka.

Palinso china chimene sindinauzepo munthu. Chaka chimodzi kaseti isanachitike, akazi atangololedwa kuvala mathalauza, mkazi wa mphunzitsi wina anajambulitsa chithunzi atavala thalauza la mwamuna wake, kuseri kwa nyumba, kungoyesa. Wojambula wake, wina woyenda panjinga, anatsukitsa ziwiri, chinacho anachipachika pa bolodi lake lokopera makasitomala. Ine ndinachipempha, ndinapita nacho ku msonkhano wa amayi a kumpingo kwathu, kumene sindinasiye kupita, m'kati mwa buku la nyimbo. Chinayenda mzere wonse, benchi ndi benchi. Tinaseka mpaka misozi. Mayiyo anasiya kuimba kwaya, kenaka anasamuka. Tsiku la matimati lija, nkhope yoyamba imene inandibwerera inali yake. Chaona mnzako chapita, akuluakulu sananame. Choncho sindikukuchenjeza za Mwanaisha yekha. Ndikukuchenjeza za iwe mwini, mwana wa ine. Chidzafika pafoni pako cha mtsikana wina, chokoma kuseka, ndipo chala chidzayabwa. Chikafere kwa iwe.

Aphunzitsi ako a sayansi anandifotokozera za intanetiyo tsiku lija ndinabwera kudzatenga zotsatira zako. Ati kalata yake imatchedwa imelo, imafika Ulaya usanamalize kuphethira, ndipo ukhoza kuitumiza kwa anthu makumi ndi chala chimodzi. Ankanena maso akuwala ngati akunena za kumwamba. Ine ndinangoti, "Aphunzitsi, kabatani kofiira ndikukadziwa." Sanamve, ndinawasiya. Sindikuti zonse n'zoipa. Mayi wa pafupi nafe uja mwana wake atadwala, foni ndiyo inaitana galimoto, mwanayo ali moyo lero. Koma ona mmene zatisandutsira. Amuna akuluakulu a ndevu zawo kukwera pachulu, dzanja m'mwamba ngati akulumbira, kufuna netiweki. Anthu kuflashana tsiku lonse, kuliza kamodzi n'kudula, ati ndiye moni ameneyo. Moni wopanda mawu! Bambo ako ankamata sitampa. Ndipo eni makampaniwo, anthu oti sitidzawaona nkhope, amagulitsa mpweya m'timapepala tokala ndi ndalama yachitsulo. Ukalira pafoni amadya, ukaseka amadya, ukatukwana ndiye amadya kwambiri poti wotukwana sadula msanga. Sadzakuuza kuti khala chete. Wokuuza zimenezo ndine ndekha.

Chimene chimandiwawa koposa si dzina lija ayi, ndinalizolowera, ena amandiitana osadziwa n'komwe kumene linachokera. Ndi mbali yoyamba. Pambali imeneyo pali agogo ako akudalitsa mwana wawo, pali tambala wathu wofiira uja akulira pakati pa madalitso, ndipo pali iwe ukuimba nyimbo ya kusukulu, mano akutsogolo palibe, mawu akuthawira m'mpata. Unalakwitsa kawiri n'kuyambiranso, wachitatu unaseka mpaka kutsamwa. Makaseti onse aja anayenda boma lino, palibe ndi mmodzi yemwe anakopera mbali yoyamba. Ndinafunsa, Zione, ndinachita kutuma anthu mwakachetechete. Palibe. Yeniyeni inapita ku Joni, kaya ili kuti. Anthu sasunga madalitso ako, amasunga pamene unavula. Ndikanapereka chilichonse kuti ndimvenso kamtsikana kaja kakutsamwa ndi kuseka.

Ndiye tamvera. Chimene sungathe kuchinena utaima pakati pa msika, usachilembe pafoni, usachilembe pa kompyuta, usachijambulitse. Ukadzakonda mwamuna, ndipo udzakonda, ndakuona mmene umayang'anira pagalasi, mawu a mbali yachiwiri ukamuuze m'khutu. Khutu lilibe kabatani. Akadzati nditumizire kachithunzi ndizikuona ndikakusowa, umuuze akwere basi. Imelo yako usakatsegulire pa makompyuta a azakhali ako, ngakhale atati kwa iwe ndi ulele. Pita kwa achilendo amene sadziwa dzina la amayi ako. Mawu achinsinsi otsegulira aja, aphunzitsi anati alipo, usauze mnzako wogona naye, ngakhale amene mumabwerekana zitenje. Makamaka ameneyo. Akuluakulu ankati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Iwo ankanena mlomo wa munthu, umene umakalamba n'kuiwala. Uwu wa makinawu sukalamba. Ndiponso iwe ukukaphunzira unamwino, udzaona anthu atavula, udzamva zimene sanauze ngakhale akazi awo. Zimenezo si zako zoti ukasekere anzako.

Masiku atatu aja ndinkafuna kuiponya m'chimbudzi foniyo. Ndinafika nayo mpaka pakhomo. Chinandibweza ndi ichi: ukadzadwala kumeneko, kaya ukadzasowa chochita, ndikufuna uthe kuimba kusitolo ya pafupi ndi mjigo, adzandiitane. Mkwiyo wanga usakutsekere njira yofikira kwa amayi ako. Ndiye itenge, ndaipukuta, ili m'chikwama chako pansi pa yunifolomu, pamodzi ndi mpunga wa faya ndi sopo. Ngati ikununkha gaga, pirira.

Kwa azakhali ako upite. Ndi magazi ako, ndipo ndi yekhayo angakuuze kumene bambo ako ali, ngati ukufuna kudziwa. Sindikuletsa. Ukagwade, ukalandire ndi manja awiri, ukathokoze za foni. Ukadye mpunga wake, amaphika bwino, bodza ndi loipa. Adzakukonda, adzakuseketsa mpaka nthiti kuwawa, kenaka adzagona chammbali n'kunena kuti, "Tandiuza, mwana wa achimwene, kusukuluko aliko amene wakugwira mtima?" Pamenepo umuuze za mayeso. Akadzafunsa za ine, unene kuti ali bwino. Usawonjezere, ndipo moni wanga usamupatse chifukwa sindinakupatsire. Abusa anayesa, a shehe anayesa, agogo ako anandipempha ali pamphasa yomaliza. Ndinawauza kuti ndidzakhululuka tsiku limene adzabwere ndi miyendo yake kudzanena mawu amodzi aja, osati pafoni, osati kudzera mwa mwana wanga ndi mphatso. Ngati foniyi ndiyo pepani wake, wasochera keyala.

Ukamaliza kuwerenga, usandiyang'ane ndi maso achisoni m'mawa pa basi, ndingakuchititse manyazi pagulu. Usandifunsenso kuti zina zija ndinanena pa kaseti zinali zotani. Nkhani iyi ndainyamula zaka khumi ndi chimodzi, lero ndaitula kwa munthu mmodzi yekha amene anali ndi ufulu woimva kuchokera kwa ine, asanaimve kwa wina mokhota. Sindidzainenanso, kwa iwe kapena kwa wina aliyense, ndipo dzina la mkazi ameneyo lathera m'kalata muno.

Pita ukaphunzire, mwana wanga. Uzidya.

Ndine amayi ako.